Jekete Limene Linakwana Chiboliboli

Ntchito yaulemu kwambiri imene ndinagwirapo m'dziko la Amereka inali yolondera mkulu wina wosavala. Ndinkaima pambali pake kuyambira teni koloko m'mawa mpaka faifi madzulo, manja kumbuyo, shati yakuda, nsapato zakuda, ndipo udindo wanga wonse unali mawu atatu a Chingerezi otanthauza kuti chonde musagwire. Ndinkawatchula bwino. Pa zonse zimene ndinatola m'zaka zitatu za ku koleji ku South Bend, katchulidwe kokha ndi kamene sikanandithawe.

Mkuluyo anali chiboliboli. Anamuumba ndi mayi wina wa ku Korea, amene zoumba zake zinabwera kudzaonetsedwa kwa miyezi iwiri m'nyumba ina ya zaluso pakati pa tauni ya Indianapolis, nyumba imene eni ake amati galari. Ndikati chiboliboli musaganize zija za mtengo wakuda zimene amatsatsa kwa azungu kunja kwa positi ofesi ku Lilongwe. Izi zinali anthu, kungosowa mpweya. Khungu, mitsempha, zikhadabo, tsitsi lobzala limodzilimodzi. Panali mtsikana wogona chafufumimba, amuna awiri otembenuzirana misana ngati analimbirana malire a munda, ndi ena amene sindinkawasamala chifukwa anali ndi alonda awo. Wanga anali nkhalamba yokhala pa bokosi loyera lalifupi, mawondo aakulu kuposa ntchafu, nthiti zonse pamtunda, mutu woweramira, zikhatho zoyang'ana kumwamba ngati akudikira kuti wina amupatsire sopo.

Woumbayo ndinamuona kamodzi, tsiku loika zinthu m'malo mwake. Anali mayi wamfupi wa imvi, wovala magolovesi oyera, ndipo chilichonse ankachinyamula ndi manja awiri, ngakhale kapepala. Anatisonkhanitsa alondafe n'kutiuza m'Chingerezi chapang'onopang'ono kuti mafuta a m'zala za munthu amadetsa utoto, ndipo sachoka. Atafika pa nkhalamba ija anati amenewo ndi bambo ake, mmene anawaonera tsiku lomaliza kuwasambitsa kuchipatala. Anawerama pamaso pa chiboliboli chija, nawerama kwa ife, mawa lake n'kukwera ndege.

Choncho ndinatsala ine ndi bambo a eni, maola asanu ndi awiri pa tsiku. Tinkagwirizana. Iwo sankandifunsa za sukulu.

Apa ndiyenera kufotokoza za sukuluyo, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Bambo anga anali telala pakhonde la sitolo ina ku Balaka. Kutatsala tsiku limodzi kuti ndinyamuke, anandiimika pabwalo, nandiyeza ndi tepi mapewa, chifuwa ndi chiuno, miyesoyo n'kuilemba ndi choko kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwawo. Anati jekete la tsiku lomaliza maphunziro adzasoka okha, mwana wa telala sangakalandire digiri atavala za kaunjika. Anawauzanso amayi kuti chitseko chimenecho asadzachipukute.

Ndinapita kukaphunzira za mankhwala. Kemisitiri ndinamulemba katatu, ndipo katatu konse tinasiyana mwaulemu. Tsiku lina mu Febuluwale, chisanu chitawunjikana mpaka m'mawondo, ndinafika pakhomo la kalasi, ndinagwira chitseko, kenako ndinaona kuti ku laibulale kuli mipando yofewa. Ndinakagona kumeneko. Mawa lake chimodzimodzi. Ndinachita khama pa kugonako mpaka kalata inabwera yondithokoza chifukwa cha nthawi imene tinakhalira limodzi. Panalibe mowa, panalibe mkazi, panalibe mfiti. Ndikanakonda pakanakhala mfiti, bwenzi pali pokaloza chala.

Mapepala anga okhalira m'dziko muno anafera limodzi ndi sukuluyo. Kutuluka ndikanatuluka, koma kubwerera ayi. Ndinasamukira ku Indianapolis, m'kachipinda kapansi pa nyumba ya munthu m'dera la Lawrence, ndipo kwathu ndinawauza kuti koleji yanditumiza kukachita kafukufuku.

Abambo anamwalira kumapeto kwa Meyi. Amene anandiuza ndi azakhali anga, mlongo wawo wa abambo, amene akhala ku South Bend zaka zambiri akugwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba. Anati a kumpingo akonza kale matikiti awiri, thupi alisunga kumotchale kuti lidikire ife, ndilongedze. Ndinawauza kuti mlungu wonsewo ndili ndi mayeso apadera a anthu omaliza, ukawaphonya zaka zonse zija zapita m'madzi. Makoleji anali atatseka kale, koma munthu wogwira mashifiti awiri sayang'ana kalendala ya sukulu. Analira, nati, "Lemba, mwana wa achimwene. Bambo ako akanakukwapula ukanasiya mayeso."

Abambo anawaika m'manda Lamlungu masana, amene kuno ndi m'mawa. Tsiku limenelo ku Speedway, bwalo la mipikisano la ku Indianapolis, kunali mpikisano waukulu uja wa magalimoto, pamene eni nyumba amasandutsa kapinga wawo malo oimikapo magalimoto a alendo. Ine ndinali pa kapinga wa mzungu wina, kambendera kofiira m'manja, ndikukodola magalimoto kuti alowe. M'khutu ndinali ndi kachingwe ka foni, msuweni wanga akundimvetsera mwambo wa kumanda. Ndinamva nyimbo za amayi a mvano, ndinamva mafosholo. Kenako abusa anapempha khamu lonse liweramitse mitu, napempherera mwana wa malemu amene pa ola limenelo anali m'chipinda cha mayeso kutsidya kwa nyanja, kuti Ambuye amukumbutse zonse zimene anawerenga. Anthu anati ameni, ameni wamphamvu, wa anthu ambiri. Ine ndinauza mwini galimoto lina lalikulu kuti abwerere m'mbuyo pang'ono, akuponda maluwa.

Kuyambira tsiku limenelo ndinali ndi chuma chimodzi chokha chosunga m'dziko lino: kuti amayi anga apitirize kukhulupirira kuti sindinaike bambo anga chifukwa cha mayeso. Sukulu yokha akanandikhululukira, ndimawadziwa. Koma manda.

Azakhali atabwerako anayamba kundisaka. Anati ali ndi katundu wanga wochokera kwa amayi, wofunika kuperekedwa pamanja. Ndinazemba miyezi isanu. Nditapeza ntchito ya ku galari kudzera ku kampani ina ya alonda yosakonda mafunso, ndinalakwitsa chinthu chimodzi: ndinajambulitsa pakhomo pake, chikwangwani chikuoneka, n'kutumiza kwathu. Ndinalemba kuti ndikufufuza mmene utoto umakalambira. Amayi anatumiza chithunzicho kwa aliyense wokhala ndi foni, azakhali omwe.

Chakudza sichiimba ng'oma, koma changa chinaimba belu la pachitseko. Linali Loweruka lina mu Novembala, cha m'ma leveni. Ndinaona chikhothi chachikulu chofiirira chikulowa, chipewa cha ubweya, ndi thumba lalitali la pulasitiki lonyamulidwa mopingasa pa manja awiri ngati mwana wodwala.

"Iwe, unasanduka mzukwa kodi? Ndikaimba, zii. Ndikatekisita, zii. Ndadiraiva maola awiri ndi theka m'minda ya chimanga yokhayokha, pa ofu yanga, kuti ndidzaone ngati ukupuma."

"Ndinali bize, Anti."

"Bize. Pulezidenti amayankha foni."

Ndinagwira pachifuwa ndi dzanja lamanja ngati woimba nyimbo ya fuko, kubisa kabaji kolembedwa ntchito yanga yeniyeni. Iwo sanaone. Anali akumasula thumba lija.

Linali jekete lakuda motuwirako, nsalu yolemera, mabatani atatu. Anati abambo analiyamba atangomva kudwala, ankasoka pang'onopang'ono masiku amene thupi lalola. Zonse anamaliza kupatula mikono. Utali wa mikono sanaulembe pachitseko paja, anaiwala, ndiye anangopinda kumapeto n'kubaya timapini kuti adzamalize ndikadzabwera.

"Vala ndikujambule, mayi ako akudikira chithunzi."

"Pano, Anti?"

"Ayi, ku Balaka. Vala."

Ndinalowetsa dzanja limodzi. Lachiwiri linafika pachigongono n'kukana. Miyeso ya pachitseko inali ya mnyamata wokwera njinga. Zaka zisanu ndi chimodzi za nkhuku yokazinga ndi mabasi zinali zitaikapo munthu wina pamwamba pake. Ndinaima pamenepo manja atakokedwera kumbuyo ngati wakuba wogwidwa pamsika.

"Vula, vula, ung'amba! Sukulu yake imeneyi mumaphunzira kapena mumadya?"

Ndi pamene anatembenuka n'kuona nkhalamba ija. Atsikana awiri anali atagwada uku ndi uku, masaya pafupi ndi mapewa ake, akudzijambula n'kumaseka. Sanagwire, ndiye mwalamulo panalibe mlandu. Atsikana aja atachoka, azakhali anayandikira, nayang'ana mawondo, nthiti, mapazi otupa, mmene amayang'anira munthu watsopano akabwera naye kuntchito kwawo.

"Ameneyu impso zinali zitasiya," anatero motsitsa mawu.

"Ndi chiboliboli, Anti."

"Ndikuona kuti n'chidole, sindine wakhungu. Koma chidolechi anatengera munthu. Mapazi awa sangawapeke. Ndi ndani?"

Ndikanati sindikudziwa. Koma munthu wonama pa zazikulu amakonda kunena zoona pa zazing'ono, kuti adzimve bwino. Ndinawauza kuti ndi bambo ake a woumbayo, tsiku lomaliza kusambitsidwa kuchipatala.

"Bambo ake omubala?"

"Eya."

"Ndiye mwanayo ali kuti?"

"Anabwerera kwawo ku Korea."

"Wasiya bambo ake maliseche kudziko la eni, iye n'kukwera ndege." Anagwedeza mutu. "Ine ndimasambitsa nkhalamba za azungu tsiku ndi tsiku, zina zimanditukwana, zina zimandilavulira. Sindinavulepo munthu thupi lonse nthawi imodzi. Ukamatsuka kuno, uko wafunditsa. Ngakhale womwalira. Ndiye iwe, mwana wa telala, waima apa mwezi wathunthu kuyang'anira munthu wamkulu ali chonchi?"

Anagwira m'chiuno kufuna chitenje, mwachizolowezi. Koma mu Novembala ku Indiana munthu amavala buluku ndi chikhothi, chitenje chinali chitatsala m'galimoto. Chimene chinali m'manja mwawo ndi jekete.

Ndinaona zonse zikuchitika. Analoloka mzere wakuda wa pansi umene alendo saloledwa kudutsa, natambasula jekete, naliyala pamapewa a nkhalamba ija, nakoka mbali ziwiri zakutsogolo kuti zikumane pamimba ndi kugwera pa ntchafu, namanga batani lapakati. Anakonza kolala ndi zala ziwiri. Mawu anga atatu aja, amene ndinali nditawanena kwa maprofesa ndi kwa ana a sukulu, anakana kutuluka. Mwina chifukwa munthu sauza azakhali ake kuti musagwire. Mwina chifukwa cha mapewa. Msoko unagwera ndendende pamene phewa lathera, mbali zonse ziwiri, ngati miyeso ya pachitseko ija inatengedwa pa iyeyo. Atavala choncho, mutu woweramira, zikhatho zotambasula, anali bambo anga pakhonde paja akudikira kuti ndiwapatsire ulusi. Abambo akudwala, pa foni ndinkaona nkhope yawo yokha. Amayi sankalola kuti ndione mmene thupi lathera. Tsopano ndinaliona. Ndinali ndakhala ndikuliona mwezi wonse.

Kabelu ka chitetezo kanalira. Anatulukira akuthamanga woyang'anira wathu, mtsikana wachizungu wa wailesi yolankhulirana alonda m'chiuno, munthu wabwino ndithu amene ankatibweretsera madonasi Lachisanu. Anavala magolovesi, namasula batani, nanyamula jekete pang'onopang'ono. Mkono wakumanzere unakwekwereza pa dzanja la nkhalamba ija, ndipo kapini kamodzi ka abambo kanasiya mzere pakhungu, wautali ngati kamtengo ka machesi. Pansi pa khungulo panali poyera kuti mbee. Ameneyo ndiye kafukufuku yense wa utoto amene ndinachitapo, ndipo zotsatira zake n'zakuti ndi wopyapyala.

Mtsikana uja sanakalipire azakhali. Anayang'ana ine.

"Unali pomwepa. Ndiwe mlonda. Kampani yako inakutumiza kuno kudzachita chinthu chimodzi chokha."

Azakhali analowererapo ndi Chingerezi chawo cha kuntchito, chofatsa, cha munthu wozolowera kupepesa achibale a odwala. Anati cholakwa n'chawo, mnyamatayu asamudzudzule, iye ndi wophunzira chabe amene koleji yamutumiza kudzafufuza za utoto.

"Pepani mayi," anatero mtsikana uja, "sindikudziwa za koleji. Uyu ndi mlonda wa shifiti ya masana."

Dzanja langa silinalinso pachifuwa. Azakhali anawerenga kabaji kaja, milomo ikuyenda, ngati mawu ake ndi ambiri.

Mtsikana uja anandilanda wailesi yanga ya ntchito ndi kabajiko pomwepo. Azakhali analemba dzina lawo ndi nambala pa pepala limene anapatsidwa, napinda jekete mwa telala, mapewa mkati, nalibwezera m'thumba. Tinayenda mpaka m'nyumba yoimikamo magalimoto. Analiza injini kuti mutenthe, koma sanachotse galimoto.

"Unasiya liti?"

"Zaka ziwiri zapitazo. Zikwana zitatu mu Febuluwale."

"Ndiye mayeso aja a mu Meyi."

"Kunalibe."

"Unali kuti tsiku limene tinkaika achimwene?"

"Ku Speedway. Ndinkapakitsa magalimoto."

Ndinkayembekeza mbama, ndipo ndikanailandira ngati mphatso. Iwo anangoyang'ana khoma la simenti patsogolo pathu.

"Ine ndinakhala pandege ndi mpando wako wopanda munthu pambali panga," anatero. "Ndinaikapo chikwama. Ndinkauza mzungu wa pawindo kuti mwana wathu akulemba mayeso a udokotala wa mankhwala. Anandiuza kuti ndiyenera kunyada."

Anatulutsa foni, naimba, naiika pakati pathu kuti tonse timve. Anati iwo sanyamula katundu ameneyu kubwerera naye ku South Bend, msana wawo unatha kale ndi nkhalamba za eni. Kwathu kunali kutangoda. Amayi anayankha mokondwa, kufunsa ngati jekete lakwana.

Ndinawauza zonse, mwadongosolo, ngati wowerenga malipoti kumpingo. Kemisitiri, laibulale, kalata, mapepala, kambendera kofiira. Sanandidule. Kumbuyo kwawo ndinkamva wailesi ya aneba ndi galu. Nditamaliza azakhali anayang'ana foni kuona ngati yaduka.

"Abusa anakupempherera pamanda," anatero amayi.

"Ndinamva."

"Unamva." Kenako anapitiriza. "Anthu a ku Ntcheu, abale a bambo ako, ankanong'ona kuti mwana wamwamuna mmodzi yekhayo walephera bwanji kubwera. Ndinaimirira ine, mkazi wamasiye, mpango kumutu, ndinawayankha pamaso pa anthu. Mpaka lero akadutsa pano amafunsa kuti dokotala wathu zatuluka bwanji."

"Ndikhoza kubwera, Amayi. Ndibwere ndidzapepese ndekha, ndidzaone pamene anagona."

"Ubwere ndi chiyani?"

Linali funso ngati aja ambiri amene ndinkawalumpha pa mapepala a mayeso.

"Tamvera," anatero, mawu ali phee, osalira. "Alamu, inunso mumve. Zimenezi zithere m'galimoto momwemo. Ine sindibwereranso kwa anthu aja kukawauza kuti ndinaimirira pa maliro a mwamuna wanga kuteteza bodza. Sindingathe. Iwe khala komweko. Pitiriza kulemba mayeso ako."

Anafunsa azakhali za chisanu, ngati chayamba kugwa, kenako anatsanzika.

Azakhali anakanditula ku Lawrence. Jekete anandisiyira, anati ndi langa, kukwana kapena kusakwana. Kampani ya alonda ija sinandiitanenso. Tsiku lina ndili m'basi ndinadutsa pa galari paja ndipo ndinaona amuna akukweza mabokosi aatali m'lole, koma sindikanadziwa kuti mkulu wanga ali m'bokosi liti. Sindinamvepo ngati mwana wake anaukonza mzere uja, kapena anauzidwa kuti bambo ake anavalako jekete la ku Balaka kwa mphindi ziwiri, ndipo linawakhala.

Panopa ndimatsuka mbale m'khitchini ya chipatala china. Jekete lili pa paipi ya madzi otentha imene imadutsa pamwamba pa bedi langa, timapini tonse tili momwemo. Ndinaganizapo zopita nalo kwa telala kuti akalikulitse, koma mkati abambo sanasiye nsalu yotsala yokwanira. Sankayembekeza kuti ndidzasintha kwambiri chonchi.

Amayi ndimawaimbira Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi. Akakhala okha timakamba za mvula ndi za denga. Pakakhala alendo ndimadziwira mawu awo, amakwera pang'ono kuti a pamkeka amve.

"Nanga mayeso akuyenda bwanji kumeneko?"

"Akuvuta, Amayi."

"Limbikira," amatero, ndipo ndimamva alendo aja akuvomereza.